Kamphaka ka Pachifuwa Panga

Mphaka uja sanali wathu. Anangotulukira yekha chaka china nyengo yogula chimanga, n'kulowa m'chipinda chathu cha matumba ngati wachita lendi, ndipo sitinamuthamangitse chifukwa makoswe anali atatikwana. Amuna anga amagula chimanga m'midzi n'kumachiunjika pakhomo pathu, m'tauni ya Milange muno, mpaka anthu a njinga adzachiwolotse malire kupita ku Muloza, ku Malawi. Pali chimanga sipalephera makoswe, ndiye mphakayo anasanduka wantchito wathu wosafunsa malipiro. Ine sindinkamugwira, iyenso sankandinyengerera. Tinkangopatsana ulemu tikakumana pakhomo.

M'mawa wina mwezi wa Julaye, chiperoni chitaphimba phiri la Tumbine mpaka osaoneka ngakhale mwala umodzi, ndinamupeza atagona pafupi ndi dzala, thovu kukamwa, atauma kale. Wina m'dera lathu anali atathira mankhwala a makoswe, ndipo iye anadya khoswe wapoizoni. Ndinatenga khasu kuti ndikamukwirire kuseri kwa nthochi. Pomutembenuza ndi pamene ndinaona kuti mawere ake ngotupa, ubweya wa m'mbali mwake wothothoka. Ndinaima, khasu lili m'manja. Uyu anali mphaka woyamwitsa, ndiye penapake panali ana amene ankamudikira.

Masiku amenewo amuna anga anali ku Molumbo, kumene akapita kukagula chimanga amatha masabata chifukwa cha kuipa kwa misewu. Matumba ndinasuntha ndekha, kukoka limodzi limodzi, msana ukudandaula. Ndinayamba kumva timawu, kenako fungo. Pakona penipeni, pa chiguduli chong'ambika, panali tiana tinayi tounjikana. Maso onse anali omatika ndi manthongo achikasu, mphuno zikuchucha, ndipo nthata zinkangoyenda pamimba pawo poyera osaopa munthu. Nditatigwira tinali tozizira ngati mbatata yogona. Kamodzi kanali kakang'ono kuposa tinzake tonse, kotuwa, kabanga loyera pachibwano. Kameneko sikankalira n'komwe, kankangotsegula kukamwa mawu osatuluka.

Kwathu kuno tiana ta mphaka tikasiyidwa chonchi, nkhani yake sichedwa. Anthu amatiponya m'chimbudzi kapena kukatitaya kudambo, ndipo palibe amene amawaloza chala. Inenso ndikanachita zomwezo palibe akanandifunsa. Koma mayi wawo analondera chimanga chathu zaka zingapo osalandira ngakhale mutu wa matemba kuchokera m'manja mwanga. Komanso ine ndili ndi khalidwe langa: chinthu ndikachinyamula sindichitula panjira.

Choyamba chinali kuthana ndi kuzizira kuja. Ndinakoleza mbaula, kutenthetsa madzi, kuwathira m'botolo la zakumwa, n'kuliveka sokosi ya amuna anga. Botololo ndinaliika m'katoni pamodzi ndi tianato, katoniyo pafupi ndi mbaula. Titayamba kutakataka, ndinasungunula mkaka waufa umene timathira mu tiyi n'kumatimwetsa ndi kasupuni. Wambiri unkangotsikira pakhosi n'kunyowetsa ubweya, koma pang'ono unkalowa. Ndinadziyamikira ndithu kuti ntchito ndaigwira. Kutacha ndinapeza katoni yonse ili chimbudzi chamadzimadzi, ndipo kamodzi mwa tikulutikulu tija kanali katafa. Ndinakakwirira pambali pa amake. Sindinalire ayi, ndinakwiya. Imfa inali itandilanda chinthu m'manja ndili maso.

Ndinavala juzi n'kupita kumsika kwa bambo wina amene amabaya nkhuku ndi mbuzi katemera. Nditamufotokozera anaseka mpaka kugwira tebulo.

"Mayi, chona? Anzanu akubwera kuno ndi mbuzi, inu mukubwera ndi nkhani ya chona?"

"Mwamaliza kuseka? Tsopano ndiuzeni chomwetsa."

Anandiuza kuti mkaka wa ng'ombe sugwirizana ndi m'mimba mwa tiana ta mphaka. Wabwino ndi wa mbuzi, koma ukasowa ndiyesere wa m'chitini wa makanda, n'kumathiramo chachikasu cha dzira. Anatinso pomwetsa ndisamatigoneke chagada, tingatsamwe. Tsono mbuzi yokamidwa m'tauni muno mungaipeze kuti? Ndinalowa mu farimasiya kugula sirinji yopanda singano, kenako m'sitolo ya mayi wina wa ku Malawi kugula chitini cha mkaka wa makanda. Mtengo wake unandiluma, koma walira mvula walira matope. Mayi wa m'sitoloyo anayang'ana chitini, anayang'ana ine, n'kuyang'ananso chitini. Ndinalipira n'kutuluka.

Madzulo ake amuna anga anaimba foni. Kumene anali, munthu amachita kukwera pachulu kuti mawu amveke, ndiye nkhani zathu zimakhala zazifupi. Ndinawauza kuti mphaka wafa ndipo wasiya ana.

"Pepani. Ndiye mwakataya?"

"Ndataya chiyani? Tili m'khitchini, tikumwa mkaka."

Amuna anga amandidziwa. Anangoti, "Chabwino, mayi, koma matumba muziwayang'anabe," ndipo foni inaduka.

Kuyambira pamenepo nyumba yanga inasanduka chipatala. Mkaka ndinkauyesa padzanja kuti usawotche, n'kumadontheza pang'onopang'ono m'mbali mwa kamwa, kamwana kali chafufumimba pantchafu panga. Tianato tinkafuna kumwa pafupipafupi, usana ndi usiku womwe, ndiye tulo ndinkachita kuba. Maso ndinkawanyowetsa ndi madzi ofunda othira kamchere, kudikira kuti manthongo afewe okha, osakanganula. Mphuno zikatsekeka ndinkaika katoni pafupi ndi beseni la madzi otentha n'kuphimba zonse ndi nsalu, monga timafukizira munthu wa chimfine, ndipo ndinkamva tikuyetsemula m'katimo. Tsiku limene diso loyamba linatseguka, labuluu, likuyang'ana cham'mbali ngati la munthu woledzera, ndinaseka ndekha m'khitchini. Nthata ndinkazipesa ndi chipeso cha mano ang'onoang'ono n'kumaziphwanya ndi zikhadabo. Ntchito imeneyi ndinkaikonda, chifukwa pa adani onse aja ameneyu yekha ndi amene ndinkamuona ndi maso. Ndinang'amba kapulana yakale, chitenje cha kwathu kuno, kukhala tizidutswa toyala m'katoni ndi topukutira, ndipo tsiku lililonse chingwe changa choyanikira chinkadzaza ndi tinsalu timeneti.

Tiwiri tikulutikulu tinagwira msanga. Tinayamba kulimbirana sirinji, kukwerana, kuyamwana makutu ndi mimba. Koma kakang'ono kaja kankangopondedwa. Kankazizira ngakhale botolo lili pomwepo, ndipo kakazizira sikankameza. Ndinakumbukira zimene ndinaona kuchipatala nditapita kukazonda wodwala: amayi a ana obadwa masiku asanakwane atawamangirira pachifuwa, khungu ndi khungu. Ndinati, thupi langali likutentha pachabe. Ndinakaika pakati pa mawere, ndinamanga kapulana m'munsi mwake kuti kasagwe, juzi pamwamba. Pasanapite nthawi ndinamva tizikhadabo tikundikanda, ndipo nditakatulutsa kanayamwa sirinji koyamba ndi mphamvu zake.

Basi, malo ake anakhala amenewo. Ndinkasesa nako, kuphika nako, kupita nako kumpopi, dzanja limodzi lili pachifuwa, ndikuyenda mwaulemu ngati mkwatibwi. Kutchalitchi ndinayamba ndasiya kupita, ngakhale kumsonkhano wa amayi wa Lachinayi, chifukwa sindikanaimirira kuimba mphaka akundipolokoza m'bulauzi.

Sindinauze munthu wa m'dera lathu, ndipo chifukwa chake ndichinena mosabisa. Ine ndi amuna anga takhala m'banja zaka zambiri, koma mwana sitinapatsidwe. Zimenezo ndinazilira kalekale. Ndinamwa zonse zimene anthu ankanditchulira, zowawa ndi zonunkha zomwe, kenako ndinapukuta maso n'kupitiriza moyo. Sindine munthu womvetsa chisoni ayi, ndimadya bwino ndipo ndimaseka. Koma anthu a kwathu ndimawadziwa. Mkazi wopanda mwana akaoneka akuyenda ndi mphaka pachifuwa, mawa lake mumva kuti amauluka. Ndiye ndinati ndichize kaye odwala anga, za anthu tidzaona.

Chimene chinandidabwitsa masiku amenewo ndi aneba anga a kuseri kwa mpanda. Iwowa ndi mayi wa ana asanu ndi atatu, wamawu akulu, ndipo ine ndi iwo sitinkamwerana madzi kwenikweni. Tinayambana kalekale pa nkhani ya nkhuku zawo zimene zinkadya chimanga chathu choyanika, ine n'kugendapo imodzi mpaka kutsimphina. Chiyambire pamenepo moni wathu unali wa pakamwa pokha. Timaitanana kuti vizinya, monga amachitira oyandikana nyumba kuno, koma mawu amenewa amatha kutuluka ozizira. Tsono tsiku lina kumpopi, aneba omwewa anachotsa ndowa yawo pamzere n'kuika yanga patsogolo.

"Tungani, vizinya, mufulumire kunyumba. Musaime pamphepo."

Ndowa itadzaza anandisenzetsa okha, maso ali pajuzi yanga, akumwetulira. Ndinabwerera ndikudzifunsa kuti mayi ameneyu walapa liti, kapena akufuna kubwereka chiyani. Koma mutu wanga unali pa zina, sindinazitsatire.

Kamphaka kanga ndinkakanyadira pa chinthu chimodzi. Tinzake tija tinkaipitsa nsalu tsiku lonse, koma iko chikhalire pachifuwa panga sikanandiipitsirepo, kupatula kunyowetsa pang'ono apo ndi apo. Ndinkachita kukayamikira kuti n'kaulemu, kodziwa kuti kali pathupi la munthu wamkulu. Kenako kanayamba kukana mkaka. Mimba inatupa n'kulimba ngati ndimu, timiyendo tili toonda. Ndinaganiza za njoka zam'mimba. Ndinaganiza kuti mwina ndakakhutitsa mopitirira, ndiye ndinachepetsa mkaka, ndinawonjezera madzi, ndinayesa madzi a shuga. Palibe chinasintha. Ndinathamangira kwa bambo wa katemera uja, koma ndinapeza potseka, atapita kumidzi ndi mankhwala ake. Pofika Lachinayi kamutu kankangolendewera, ndipo kulira kwake kunali kwakutali, koonda, kobaya mumtima. Ndinachita mantha, ndipo ine mantha sindinawazolowere. Ndinkaona kuti kafera pomwepo, pachifuwa panga, ine ndikukamva.

Masana a tsiku lomwelo ndinamva nyimbo kumsewu. Ndinayesa amayi akupita kukapepesa maliro penapake. Koma nyimboyo inali yachisangalalo, ndipo inakhota n'kulowa pachipata changa. Nditasuzumira pazenera ndinaona amayi a kutchalitchi kwathu atavala mabulauzi oyera a Lachinayi, ali pamzere, wina mtolo wa nkhuni pamutu, wina sopo, wina shuga. Patsogolo panali aneba, atasenza beseni la ufa, akutsogolera nyimbo.

Mzere umenewu ndinkaudziwa bwino. Kuno mkazi akabereka, amayi anzake timamutengera nkhuni, ufa ndi sopo, timaimba, n'kulandirana khanda m'manja mmodzimmodzi. Ine ndasenza nkhuni kupita pafupifupi pakhomo lililonse m'dera lathu, ndipo kwa aneba omwewa ndinapitako kangapo. Koma pakhomo panga mzere umenewu unali usanalowepo.

Ndinayala mphasa pakhonde. Anatula katundu, anakhala pansi, tinapatsana moni, wina anapemphera. Maso onse anali pachifuwa panga. Kenako aneba anakonza kukhosi.

"Vizinya, ife takwiya nanu. Chinthu chabwino chonchi n'kutibisira? Bairo yonse yadziwa, dera lonseli, inu muli phee."

"Yadziwa chiyani, vizinya?"

"Aa, musatipusitse ife. Matewera ndawaona ndekha pachingwe, ting'onoting'ono. Chitini cha mkaka mwagula, a m'sitolo anena. Kumpopi mukuyenda mutagwira pachifuwa. Kulira ndikukumva ndili kwanga, kamawu kofooka, kosonyezeratu kuti munthu sanakwane masiku. Ndiye ife tinati, mng'ono wawo wa ku Mongue uja anali ndi pakati, wachira msanga, ndipo poona kuti ali kale ndi ana ambiri wapatsa akulu ake. Mwana wa mnzako ndi wako yemwe, nanji wa mng'ono wako! Tabwera kudzamuona."

Mng'ono wangayo analidi woyembekezera, ndipo ndinali nditangobwera kumene kokamuona. Nkhani yawo inali yosokedwa bwino, yopanda pong'ambika. Mayi wina anali atayamba kale kusamba m'manja kuti alandire khanda. Wina anatulutsa m'chikwama kachipewa koluka ndi ulusi wachikasu, n'kukaika pabondo pake.

Ndinene zoona, kwa kanthawi ndinafuna kunama. Ndikanati mwana wagona, kunja kukuzizira, mudzamuona tsiku lina. Ndinkafuna akhalebe pamphasa paja pang'ono pokha, akundiyang'ana mmene ankandiyang'aniramo, chifukwa maso otero anali asanandiyang'anepo. Zinandikoma ndipo zinandiwawa nthawi imodzi. Koma bodza lotero limadzafuna khanda lenileni sabata yamawa, ndipo pachifuwa panga chinthu chinali kufa. Ndinamasula mabatani a juzi, ndinapisa dzanja, n'kukatulutsa.

Onse anasuzumira. Kenako mayi wosamba m'manja uja anakuwa kuti, "Yesu wanga!" n'kudumpha, beseni la madzi n'kugubuduka. Wina anayankhula zambirimbiri m'Chilomwe, mofulumira, atagwira pakamwa. Wina wachitsikana anabisa nkhope m'kapulana, mapewa akugwedezeka, ndipo kuseka kwake kunayambukira anzake mpaka ena anagona pamphasa. Aneba okha ndi amene sanaseke. Anaimirira.

"Chona? Epa! Ine ndayenda bairo yonse, khomo ndi khomo, kusonkhetsa ufa chifukwa cha chona?"

"Anakutumani ndani? Munabwera kudzandifunsa? Nyumba zathu n'zoyandikana, pakamwa muli napo."

"Munthu wamkulu ngati inu, kuika chilombo pamawere! Anthu adzati chiyani?"

"Adzanene zimene akufuna. Amake anafa ndi mankhwala a makoswe, ine ndatola. Ndaba cha munthu?"

Anawerama, ananyamula beseni lawo la ufa, analiika pamutu, n'kuyamba ulendo wa kuchipata. Ine mumtima ndinali nditavomera kale kuti mawa dzina langa ligulitsidwa pamsika pamodzi ndi tomato. Ndiye kamphaka kaja kanalira m'manja mwanga, kulira kwakutali kuja. Aneba anaima. Anatembenuka thupi lonse, beseni lili pamutu.

"Kulira kumeneko si kwa njala."

Anabwerera pakhonde.

"Tabweretsani kuno."

Anatula beseni n'kukhala pansi, miyendo atatambasula. Anakalandira ndi zala ziwiri, nkhope atakwinya, koma atangokhudza mimba ija nkhopeyo inasintha. Anadina uku ndi uku ndi chala chachikulu.

"Kanachita chimbudzi liti?"

"Aka n'kaulemu, vizinya. Sikandiipitsira."

"Kaulemu!" Anayang'ana anzawo. "Mwamva? Khanda laulemu munaliona kuti inu? Khanda losaipitsa ndi lodwala, vizinya. Katengeni madzi ofunda ndi kansalu kofewa. Fulumirani!"

Sindinathamangepo chonchija potumidwa ndi munthu amene ndinayambana naye. Nditabwera nazo, anakagwira m'dzanja limodzi, anaviika kansalu, n'kuyamba kusisita pamimba kutsikira pansi pa mchira, pang'onopang'ono, mobwerezabwereza. Ankayankhula akusisita, osandiyang'ana. Anati m'khitchini mwawo amphaka aberekeramo kambirimbiri, ndipo make amakhalira kunyambita ana kumbuyo akangomaliza kuyamwa. Anthu amayesa akuwasambitsa, koma popanda lilime limenelo kamwana kakang'ono sikatha kudzithandiza kokha. Tinzake tija tinali tokulirapo, komanso tinkanyambitana m'katoni muja. Aka ine ndinakapatula, ndinakapatsa kutentha ndi mkaka, koma lilime kanalibe.

Amayi onse anasendera pafupi, mitu pamodzi. Kuseka kunali kutatha. Panapita nthawi osachitika kanthu, kamutu kali lende pachala chawo. Wina ananong'ona kuti mwina tachedwa. Aneba anamudzudzula ndi diso, anaviikanso kansalu m'madzi ofunda, n'kupitiriza. Ine ndinagwada pambali pawo ndikupemphera mumtima pemphero limene sindikudziwa ngati abusa akanalivomereza.

Kenako timiyendo takumbuyo tinawongoka. Kunatuluka mkodzo, wambiri woti simungakhulupirire kuti unali m'kathupi kameneko, ukuyenderera m'zala za aneba mpaka pabulauzi yawo yoyera. Iwo sanasiye kusisita. Pambuyo pake panabwera chimbudzi, choyamba cholimba ngati timiyala, kenako chofewa, chonunkha kuposa msinkhu wa mwini wake. Mayi wachitsikana uja ndi amene anayambitsa nthungululu, ndipo onse analandira. Phokoso linakula mpaka anthu odutsa pa njinga anaima kusuzumira kuti paja pagwa chiyani.

Aneba anayang'ana bulauzi yawo n'kupukusa mutu.

"Ana asanu ndi atatu, onse anandichita chonchi. Lero mpaka chona."

Ndinasungunula mkaka. Kanayamba ndi kunyambita nsonga ya sirinji, kenako kanaigwira ndi timanja tonse tiwiri, timakutu tikugwedezeka pomeza. Mimba inali itafewa. Pamenepo misozi inandituluka pamaso pa anthu onse, ndipo sindinaibise. Amayi ena analowa m'khitchini kukatenga katoni, n'kumalandirana tiwiri tija m'manja, wina akuti aka kafanana ndi apongozi ake. Akuluakulu anati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, koma sananene kuti nthawi zina mlendoyo amakhala munthu amene unagenda nkhuku yake.

Pochoka panabuka nkhani ya katundu. Ine ndinati aliyense atenge chake, popeza khanda palibe. Mayi wamkulu pagululo anakana, anati nkhuni zikatulidwa pakhomo sizisenzedwanso, ndipo madzi ofunda azifunika tsiku lililonse. Sopo anati ndizichapira tinsalu tija. Aneba anandibwereza kawiri kuti ndizisisita nthawi iliyonse kakamaliza kumwa, ndipo ufa anausiya pomwepo. Kachipewa kokha mwini wake anakabweza m'chikwama mwakachetechete, ndipo sindinamuimbe mlandu.

Tiana tonse titatu tinakula. Nkhani inafikadi pamsika, koma inafika ngati nthabwala, ndipo amene ankasekedwa kwambiri anali aneba, osati ine. Za kuuluka sindinamvepo. Tiwiri tikulutikulu titayamba kudya matemba anthu anachita kulimbirana: kamodzi kanapita kwa mayi wa m'sitolo uja, kena kanakwera njinga kupita ku Mongue. Kotuwa kaja kali pano mpaka lero, ndipo kanasanduka chimphaka chonenepa chosadziwa kuti chinavutitsapo munthu. Amuna anga atabwera kuchokera ku Molumbo anapeza mulu wa nkhuni pakhonde n'kufunsa mwamantha ngati panagwa zovuta iwo kulibe. Ndinawauza kuti ayambe akhala pansi, nkhani yake ndi yaitali.

Koma chimene chinandikhala kwambiri mumtima chinachitika m'mawa wotsatira tsiku la amayi lija. Ndinkasesa pabwalo, kamphaka kali pachifuwa, ndiye ndinamva udzu wa mpanda ukukhwachata. Aneba anali ataupatula n'kulowetsa nkhope.

"Vizinya!"

"Ee, vizinya."

"Mwana wagona bwanji?"

Ndinawayang'anitsitsa kuti ndione ngati akundiseka. Sankaseka ayi, ankadikira yankho. Funso limeneli ine ndalifunsa kwa akazi anzanga zaka zonsezi, ndipo mayankho ake ndinawaloweza kalekale, koma pakamwa panga anali asanatulukepo. Ndinaika tsache pansi, ndinawongoka, n'kuyankha mokweza kuti amve bwino.

"Wagona bwino. Wayamwa, ndipo wachita chimbudzi kawiri."

"Eya," anatero aneba. "Muzimufunditsa, chiperoni sichinathe ichi."